Kope la tanda pa tebulo langa ku Houston

Lolemba ndinapeza mayi wina wa ku Michoacán, dera la ku Mexico, atakhala kale pa mpando wodikirira, kope la mwana wasukulu lili pamiyendo. Amagulitsa tamales, chakudya cha ufa wa chimanga chophikidwa m'makoko ake, ndipo ankafuna ngongole yogulira kalavani yophikiramo. Ine ndimaona za ngongole pa kabanki kena kum'mawa kwa Houston.

Nditalowetsa dzina lawo mu kompyuta, sipanatuluke kanthu. Kuno munthu amayezedwa ndi nambala ya FICO, yosonyeza mbiri yake yobweza ngongole, yoyambira pa 300 kulekeza 850, ndipo mayiwa analibe n'komwe. Msonkho amakhoma chaka ndi chaka pa nambala ya ITIN, imene boma limapatsa okhoma msonkho opanda nambala ya Social Security, lendi sanaphonyepo, koma sanakongolepo ku banki, ndiye makina amawaona ngati sanabadwe.

Apa m'pamene anatsegula kope lija. Mayina khumi ndi awiri, masabata ondandalikidwa, aliyense akusonkha madola 200, ndipo mmodzi amatenga zonse ikafika nthawi yake. Zaka zisanu ndi chimodzi, popanda mpata wosachongedwa. Iwo amati tanda. Ndinaseka ndekha, chifukwa ichi ndi chipereganyu chenichenicho chimene mayi anga ankachita ndi anzawo mu msika wa Zomba, chomwe chinandilipirira fizi ya Fomu 3. Ndinawauza m'Chisipanishi changa chothyokathyoka. Anandigwira dzanja nati, “Ndiye ukudziwa, mija, mwana wanga.”

Lachiwiri linapita ndi mapepala ndi mafoni.

Lachitatu abwana anatiitanira ku msonkhano, ziwerengero zili pakhoma. Kalembera wa 2010 anapeza anthu a Chilatino, a mizu ya ku maiko a Latin America monga Mexico, okwana 50.5 miliyoni mu America, wa 2020 anapeza 62.1 miliyoni. Kuno ku Texas, pofika 2022 anali ataposa azungu pang'ono, kukhala gulu lalikulu kuposa onse. Abwana akufuna tilengeze malonda pa wailesi za Chisipanishi. Palibe wotsutsa. Koma pa ofesi yathu olankhula bwino Chisipanishi ndi atsikana awiri okha a pa kauntala, ndipo timawadzutsa pa ntchito yawo kakhumi patsiku kuti adzatimasulire, popanda kuwaonjezera ngakhale senti. Ndinaitchula nkhaniyi. Anailemba. Kulemba amalemba ndithu.

Lachinayi ndinadzichititsa manyazi. Kunabwera bambo wa kampani yofolera nyumba, dzina lachisipanishi, ndipo ndinathamangira kuwapatsa moni wa buenos días. Anandiyang'ana nayankha m'Chingelezi cha Chitexas chokhachokha, kuti makolo awo anali kale m'chigwa cha Rio Grande malire a America ndi Mexico asanalembedwe mu 1848, ndipo Chisipanishi chawo n'chosweka kuposa changa. Ali ndi antchito makumi atatu, ambiri a ku Honduras, ndipo amavotera chipani cha Republican mosabisa. Atachoka, mmodzi wa atsikana aja anakwiya nawo, poti iye amatsatira Lina Hidalgo wa chipani cha Democrat, mayi wobadwira ku Colombia amene anasankhidwa kutsogolera Harris County, dera limene muli Houston, mu 2018 ali ndi zaka 27. Mnzake anamukumbutsa za Starr County, dera la kumalire a Texas ndi Mexico, kumene pafupifupi aliyense ndi wa Chilatino, koma mu 2024 anavotera Trump patatha zaka zoposa 100 akuvotera a Democrat. Andale akamakamba za “voti ya Alatino” ngati thumba limodzi la chimanga, ndimafuna atakhalako tsiku limodzi pa kauntala pathu.

Fayilo ya mayi aja inalowa mu komiti Lachisanu. Malisiti a lendi ndi a magetsi anawalandira. Wina anadandaula ndi ndalama zimene amatumiza kwawo mwezi uliwonse, ati zikuchepetsa mphamvu yobweza. Ndinayankha kuti Mexico inalandira madola oposa 63 biliyoni mu 2023 kuchokera kwa anthu ngati amenewa, ndipo munthu wosaphonya kutumizira amayi ake ndi amene ine ndingamukhulupirire. Sindinawauze kuti nanenso ndimatumiza ku Zomba pa 1 paliponse. Kope analikana, ati si chikalata. Anavomereza theka la ndalamazo.

Mayi aja ndinawaimbira foni ndikuchita mantha. Anakhala chete pang'ono, ndikumva akutembenuza masamba. Kenako anati theka linalo si vuto, nthawi yawo yolandira tanda ndi sabata yachitatu ya Malichi, ndipo ndiwauze tsiku lodzasayina.