Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Galimoto Yolowera Kumbuyo

Chaka chachitatu pa yunivesite ndinkapezeka kwambiri mu wekishopu kuposa ku hositelo. Nditabwerera kusukulu, monga ndinafotokozera m'gawo lapitalo, ndinapeza anzanga a uinjiniya atalembetsa kale ku mpikisano wa mayunivesite wopanga tigalimoto ting'onoting'ono. Malamulo akuluakulu anali awiri: galimotoyo isamwe petulo kapena dizilo, komanso munthu wa ulumali athe kuiyendetsa yekha. Gululo linkasowa munthu wa zamagetsi, ndiye anandikoka. Batire, mota ndi mawaya onse zinagwera ine.

Lamulo loyambalo silinavutitse munthu, chifukwa ndi lomwe ophunzira uinjiniya amakula akulimva. Tonse tinkadziwa za Shell Eco-marathon, mpikisano wa galimoto zoyenda mtunda wautali ndi mphamvu yochepa, womwe unayamba ngati kubetcherana kwa akatswiri a kampani ya mafuta ya Shell ku Wood River, ku America, mu 1939. Mkulu wa gulu lathu anali atamata pakhoma chithunzi cha galimoto yotchedwa PAC-Car II, yomwe ophunzira a pa yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland anapanga, ndipo mu 2005 inaonetsa kuti ingayende makilomita 5,385 pa mphamvu yofanana ndi lita imodzi ya petulo. Koma m'galimoto zoterezi woyendetsa amagona chagada, mapewa atapanikizika, ndipo magulu amasankha munthu wochepa thupi kwambiri, moti malamulo anachita kuika malire: wosakwana makilogalamu 50 amamuwonjezera zolemetsa. Pulani yathu yoyamba inatengera komweko. Inali yaifupi, yosongoka kutsogolo, yokongola ndithu papepala.

Aphunzitsi amene ankatiyang'anira anaiona pulaniyo osanena kanthu. Patapita masiku anabwera ndi mtsikana wina wophunzira zamalamulo, amene ankayenda pa chikuku. Tinali titajambula galimoto yonse ndi choko pasimenti, mulingo wake weniweni. Iye anaizungulira pang'onopang'ono, kenako n'kuima pomwe tinalemba kuti chitseko.

"Achimwene, ndiye chikuku changa chitsala pati?"

Mkulu wa gulu anayankha mwachangu. "Achemwali, inu mukasamukira pampando apa, wina akupindirani n'kuchiika kumbuyoku."

"Winayo ndi ndani? Si mwati ndiziyenda ndekha?"

Mu wekishopu munangoti zii. Iye anapitiriza, osakweza mawu. Anati munthu woyenda pa chikuku amadzinyamula ndi manja kambirimbiri pa tsiku: pabedi, kubafa, kuchimbudzi, paliponse. Mapewa ndiwo miyendo yake, ndipo amatha msanga. Mpando wathu unali wotsika kwambiri kuposa chikuku, choncho kutsikiramo akanatha, koma kuti atulukemo pakanafunika anthu awiri omukweza ngati katundu.

Mkangano umene unabuka pamenepo unatenga nthawi, ndipo mbali zonse zinali ndi mfundo. Ena ankati tingokweza mpando basi. Ena tinkati munthuyo alowe ndi chikuku chomwe, chikhale ndicho mpando woyendetsera. Mkulu wa gulu ankaopa mphepo. Galimoto yoti munthu akhalemo tsonga pa chikuku imatalika, imakula kumaso, ndipo mamalikisi ambiri anali pa kusamala magetsi. Apa ndi pomwe masamu anga anagwira ntchito. Liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanayi, ndipo mphamvu yolimbana nayo imakwera kasanu ndi katatu. Tikaitembenuza mfundo yomweyo, galimoto yoyenda pang'onopang'ono siivutika kwenikweni ndi mphepo. Pa makilomita 15 pa ola, chimene chimadya batire kwambiri ndi kulemera ndi kukhuzana kwa matayala ndi msewu. Ndinawauza kuti nkhondo yathu ili pa sikelo ndi pa pampu ya matayala. Batire yathu inali ya 48 V ndi 20 Ah, kutanthauza kuti inkasunga mphamvu ya 960 Wh, ndipo powerengera ndinapeza kuti makilomita 40 tikwanitsa popanda nkhawa.

Aphunzitsi aja ndiwo anamaliza nkhaniyo. Anatiuza za Invacar, kagalimoto kamatayala atatu kabuluu kotuwa komwe boma la Britain linkapereka kwa anthu a ulumali, mpaka linakachotsa pamsewu mu 2003. Kanathandiza anthu ambiri kufika kuntchito, koma kanali ka munthu mmodzi, ndipo kunyamula mnzako kunali koletsedwa. Mtsikana uja atamva zimenezo anaseka, n'kunena kuti ifenso tisaiwale kuti olumala ali ndi zibwenzi. Kampando kopinda kapambali kanalowa m'pulani tsiku lomwelo.

Kuyambira pamenepo iye anakhala wa m'gulu, ndipo ndiye amene anali woyendetsa wathu. Zamalamulo zake zinatithandizanso, chifukwa buku la malamulo a mpikisano ankaliwerenga bwino kuposa tonsefe.

Kulowera kumbuyo kunabweretsa mavuto ake. Malo otsetsereka okwerera chikuku amayenera kutalika masentimita 12 pa sentimita iliyonse yokwera. Pansi pa galimoto pakakwera masentimita 15, thabwa lokwerera lifunika masentimita 180, lotalika pafupifupi ngati galimoto yomwe. Tinatsitsa pansipo mpaka masentimita 10, ndipo chitseko chakumbuyo chinakhala ndicho chokwerera: chikatseguka chimagona pansi, munthu akalowa amachikoka ndi chingwe. Koma pamalo otsika chotero ekiselo, chitsulo cholumikiza magudumu awiri, singadutse. Ndiye ndinaika mota ziwiri, iliyonse m'kati mwa gudumu lake lakumbuyo, kuti pakati pakhale pululu. Batire ndinaigawa m'mabokosi awiri, n'kuwaika m'mbali munsimunsi, chifukwa galimoto ya gudumu limodzi kutsogolo sichedwa kupidiguka ikamanga mabuleki pokhota.

Chiwongolero chinali cha njinga. Poyamba anzanga anafuna zoti munthu azipotokola ndi dzanja monga pa njinga yamoto, koma woyendetsa wathu anatikumbutsa kuti si onse ali ndi zala zogwira zolimba. Tinaika kandodo kamodzi: ukakoka galimoto ipita, ukakankha iima. Zimenezi sitinayambitse ife, ndi mmene zida zoyendetsera ndi manja zambiri zimakhalira, ndipo chifukwa chake n'chanzeru. Galimoto ikaima mwadzidzidzi thupi limapita kutsogolo, choncho dzanja limawonjezera mabuleki lokha m'malo mowonjezera moto.

Chimene chinatisowetsa tulo chenicheni chinali kutuluka. Mipikisano yotere imayesa ngati woyendetsa angathawe msanga moto utabuka. Ku Formula Student, mpikisano wa galimoto zothamanga zopangidwa ndi ophunzira, amapereka masekondi 5, ku Shell Eco-marathon 10, ndipo kwathu analinso 10. Chikuku m'galimoto chimamangidwa ndi malamba anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, ndipo akumbuyowo mwiniwake sangawafikire n'komwe. Mnyamata wina wa chaka chachiwiri, wosayankhulayankhula, amene ntchito yake inali kuwotcherera basi, anabwera m'mawa wina ndi loko ya buti ya galimoto yakutha. Anaiboola n'kuimanga ndi mabawuti pansi pa galimoto, pakati penipeni. Kunsi kwa chikuku anamangako kachitsulo kopindika ndi zomangira zochotseka, poti mwiniwake anali atanenetsa kuti pa chikuku chake pasafike moto wowotcherera. Kuchoka pa lokoyo anayendetsa waya wa mabuleki a njinga mpaka pa chiwongolero, n'kulumikizanso loko ya chitseko ku waya womwewo. Mtsikanayo analowa, kachitsulo kaja kanangoti khethe, chikuku chinagwira gwa. Atafinya chogwirira, loko inamasuka, chitseko chinagwa, iye n'kubwerera chambuyo mpaka pasimenti. Amwene, mmene tinakuwira tsiku limenelo, alonda anachita kubwera kudzaona.

Ine ndimaonabe kuti loko imene ija ndiyo inali uinjiniya weniweni pa galimoto yonseyo, ngakhale mu lipoti lathu inangotenga mizere itatu pomwe mota zanga zinatenga masamba.

Ku mpikisano tinapeza galimoto za anzathu zowala, zina za kaboni, zopepuka moti anthu awiri ankazinyamula. Yathu inali yamapaipi achitsulo ndi pulayiwudi, ndipo pa sikelo inali m'gulu la zolemera kwambiri. Magulu angapo anali atathana ndi lamulo lachiwiri pongoika mabuleki a m'manja, woyendetsa ali mnyamata wothamanga bwinobwino. Oweruza anatipendeketsera galimoto kuti aone ngati ipidiguke, sinapidiguke. Anayang'ana mafuzi, anazimitsa magetsi ndi batani lofiira, kenako anafika pa loko ija n'kuyamba kukayika, poti buku linkatchula malamba. Woyendetsa wathu anatulutsa bukulo, n'kuwaonetsa ndime yomwe inkalola njira ina iliyonse yolimba mofanana. Anamangirira chingwe ku chikuku n'kukoka ndi sikelo, loko osasuntha. Potuluka anamupimira masekondi 8, ndipo anatimatira sitika yotilola kulowa m'bwalo.

Mawa lake kunali kukwera chitunda, ndipo pakati pa chitundacho mota yakumanzere inayamba kununkha. Zimenezo ndi za gawo lotsatira.