Lachitatu: mpunga watisokoneza kuwomba m'manja

Njinga yomwe inandinyamula ku Kapata m'mawa inaphwa tayala panjira, ndiye ndinafika belu litalira kale. Ana anga a Giredi 1 ndinawapeza phokoso lili pakamwa. Chichotsereni boma lathu la Zambia fizi mu 2022, kalasi imadzaza mpaka pakhomo, ena amakhala pansi.

Lero tinali pa maphatikizo. Ndinayamba ndi maina a malo, poti aliyense ali ndi agogo kwinakwake. Chi-pa-ta, kuwomba katatu. Ka-te-te, katatu. Si-nda, kawiri. Pa Petauke ambiri anawomba katatu, kumumeza "u" uja ngati mbamu ya nsima, mpaka tinatchula mokoka: Pe-ta-u-ke, kanayi. Anyamata akumbuyo ankangowomba ngati ali kuchinkhoswe, ndiye ndinasintha njira. Aliyense aike dzanja pansi pa chibwano, awerenge kuti chatsika kangati. Mbu-zi, kawiri. Nkhu-ku, kawiri. Apa ndinayamba kudzimva ukatswiri.

Kenaka ndinatchula mpunga.

Kalasi inagawika pakati. Ena kawiri, ena katatu, wina mpaka kukoka mnzake malaya. Yankho ndinali nalo, ndi atatu: m-pu-nga. Koma a kawiri sanalakwe kuwerenga, chifukwa pa "m" ameneyu milomo imakhala yotseka ndipo chibwano sichitsika ngakhale pang'ono. Njira yanga yomwe ndi imene inawasocheretsa. Tsono mwana wa zaka 7 umufotokozera bwanji kuti "m" wa mbuzi amamatirira kwa mnzake, koma "m" wa mpunga amaima payekha?

Ndili chiimire ndi choko m'manja, kamtsikana kena kofatsa kanakweza mkono. "Aphunzitsi, ambuya anga amati mupunga." Ndinachita manyazi, chifukwa mwana yemweyu ndakhala ndikumukonza akati mutengo, ndimvekere "m'buku mulibe zimenezo". Kwawo ndi kwa Ansenga, ndipo kuno m'tauni ambiri amatchula choncho. Komatu "u" ameneyo ndiye anali kiyi. Ndinalemba mu-pu-nga pabolodi, tinawomba katatu, n'kufufuta "u" ndi chala. "Wapita kukabisala, koma mpando wake ukadalipo, tiziuwombera." Mpando womwewo tinauyesanso: m-pa-ndo. Mtengo, m-te-ngo. Mphunzitsi, kanayi. Ndinafunsa ngati alipo anamvapo munthu akuti "mubuzi", kalasi yonse phwete! Basi, mbuzi inatsala pa kawiri.

Sikuti onse amvetsa, ayi. Pofika nthawi yoweruka atatu anali akuwomberabe m'manja kanayi pa nkhuku, ndipo ndikukayika ngati vuto ndi makutu kapena njala.

Pobwerera ndinadzera pagolosale ya alamu anga kukapempha zitsekerero za mabotolo. Mawa aliyense aziika chitsekerero chimodzi pansi pa phatikizo lililonse, mwina manja angawa angapumeko. Andipatsa zodzaza pepala la shuga, zikununkhabe Fanta.