Kabuku ka ana anga katuluka, zikomo achikulire

Katuluka. Ndikulemba izi timabuku tili pamphasa apa, inki ikununkhabe m'manja, miyendo yatupa ndi kuima pa Chitakale kuyambira m'mawa kudikira magetsi. Ambuye, ndinu nokha.

Amene mwakhala nane mukudziwa, sindibwereza zonse. Namondwe wa Freddy anatipeza mu Malichi 2023, makalasi athu anasanduka pogona anthu, makope a ana ananyowa ena kupita ndi madzi, ndipo sukulu itatsegulidwanso mipando ina inakhala yopanda eni. Kalabu yathu ya alembi inatsala ndi ana 14. Anawa ndiwo lero ali ndi kabuku kawokawo, nkhani zazifupi ndi ndakatulo, masamba 40, kolumikiza ndi sitepula basi, koma nkawo.

Zikomo ahedi potipatsa kalasi Lachitatu lililonse masana. Zikomo makolo amene munalola ana kuweruka mochedwa nthawi yokolola nandolo. Bambo a kunyumba, mwadya nsima yozizira kangati osadandaula? Ndakuonani. Mnyamata wa kabaza amene unkanditenga pangongole, mawa ndikupeza.

Koma pali munthu mmodzi amene ndikapanda kumunena ndachimwa. Dzina anandiletsa, akuti za Facebook sazifuna. A ku Limbuli mukuwadziwa, achikulire aja opuma pa uphunzitsi, a njinga yakuda ndi jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anayamba kugwira choko nthawi ya Chichewa Board, bungwe lakale loyang'anira chiyankhulo cha Chichewa, ine ndisanabadwe. Sindinawaitane. Anamva kwa mdzukulu wawo kuti kusukulu ana akulemba za madzi, tsiku lina tangoona njinga yatsamira pamtengo wa mango, iwo akupempha mpando wakumbuyo.

Ndivomere pagulu. Zaka 11 ndaphunzitsa zizindikiro za m'kalembedwe ngati malamulo a pamsewu. Mpumiro kumapeto kwa chiganizo, mfunsiro pafunso, mukaiwala mutaya malikisi pa MSCE, kwatha. Achikulire sanalembe lamulo ngakhale limodzi pabolodi. Ankaimiritsa mwana nkumuuza kuti awerenge mokweza zimene walemba, iwo atatsinzina. Anafunsa anawo ngati anaonapo mayi akutsika m'phiri la Mulanje ndi mtolo wa nkhuni. Akaima pang'ono kukonza nkhata, mtolo uli pamutu pomwepo, umenewo ndi mpatuliro. Akautula pansi, umenewo ndi mpumiro. "Tsono iwe wolemba, owerenga ako ukufuna atule pati?" Ana anamva tsiku lomwelo zimene ine ndinalephera kuwamvetsa teremu yonse.

Sindidzaiwala za mtsikana wina wa Fomu 3. Analemba za usiku umene madzi analowa m'mudzi mwawo, tsamba lathunthu chiganizo chimodzi, anadzuka nkumva mkokomo nkugwira mng'ono wake nkuthamanga nkugwa nkudzukanso, chonchobe mpaka pansi, wopanda mpumiro ngakhale umodzi. Ine ndinali nditachekacheka kale ndi bolopeni yofiira. Achikulire anatenga kopelo, anamuuza mwanayo awerenge. Anafika kumapeto akuwefuka, ife tonse tikuwefuka naye. Ndiye anatembenukira kwa ine mwaulemu wawo uja, "Aphunzitsi, madziwo anapuma usiku umenewo?" Ndinasowa poyang'ana. Anangomuuza mwanayo kuti aike mipatuliro ingapo pamene phazi linkaterereka, kenako adumphe mzere, alembe chiganizo chachifupi chimene mtima wake ukudziwa. Analemba mawu awiri. Amayi sanatuluke. Mpumiro. M'kalasi munangoti zii, mpaka tinamva mbuzi ikulira kuseri kwa chimbudzi.

Mukachipeza chiganizo chachitalicho patsamba loyamba musati mphunzitsi wake ndi waulesi. Anawauzanso anawo poyera kuti pa chimangirizo cha mayeso asakayese zimenezi, kumeneko atsate malamulo. Lamulo ulidziwe kaye, kenako ulithyole ukudziwa chimene ukuchita, ndi mmene ankanenera.

Panalinso mnyamata wokonda mfuuliro. Chiganizo chilichonse atatuatatu, ngati wogulitsa chinanazi pamsewu basi ikaima. Achikulire anamufunsa ngati iye pamaliro a malume ake ankakuwa kuyambira kusiwa mpaka kumanda. Anamupatsa mfuuliro umodzi wokha wa nkhani yonse, akuti ausunge ngati mchere wotsala mwezi ukatalika. Mnyamatayo anakhala nawo sabata yathunthu, nkudzauika pamene bambo ake akuitana dzina la mlongo wake mumdima. Werengani muone mmene ukubayira. Timadontho titatu tija natonso anatiletsa kumwazidwa paliponse ngati pa WhatsApp, anatilola pamalo amodzi pamene gogo wina akuyamba kutchula ana ake nkulephera kumaliza. Ndipo ana amene ankangolemba kuti amayi anandiuza kuti chakuti, anawauza atsegule mitengero, malemuwo alankhule okha ndi pakamwa pawo kamodzi kokha. Tsiku limenelo ineyo ndinatuluka panja kaye.

Ndiye kunabwera zotayipa. Mnyamata amene tinamupatsa ntchito, Mulungu amukhululukire, anaona ngati nkhodolero ndi kachitsotso, anangosesa tizindikiroto tonse. Pamene mwana analemba kuti m'bale wanga anapita ndi madzi, papepala panatuluka mbale. Ng'oma ya kutchalitchi inasanduka ngoma, nyama ya m'tchire. Chiganizo chachitali chija anachidula zidutswa zisanu ndi chimodzi, akuti amatithandiza. Ndinalira pamenepo, sindinama, ndalama ya mapepala inali itapita kale. Achikulire anakwera minibasi ndi ndalama yawo ya penshoni, anakhala pabenchi pambali pa kompyuta masiku awiri, pensulo m'manja, magalasi omanga ndi ulusi, kubwezeretsa kachizindikiro kalikonse kamodzikamodzi. Nkhomaliro yawo chinangwa chootcha ndi madzi. Nditati ndiwabwezere ya transipoti anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Enanu amene munalonjeza mapepala pamsonkhano uja, manja m'mwamba anthu akuombera, kenako foni osayankha miyezi inayi, ndaona mauthenga anu madzulo ano ofunsa ngati mayina anu alimo patsamba lothokoza. Mulibe. Sindikukwiya, ndatopa chabe. Kabuku mukakafuna mugula ngati wina aliyense, ndalamayo ikagula makope a ana.

Achikulire, ndikudziwa mdzukulu wanu akuwerengerani izi ngakhale munakana. Munabwera ndi chifuwa chija m'nyengo ya chiperoni, Juni yense, phiri osaoneka, inu njinga pamsewu. Munandikonza pamaso pa ana anga koma simunandichititse manyazi ngakhale tsiku limodzi, nthawi zonse "aphunzitsi", chonsecho ndine msinkhu wa mwana wanu wotsiriza. Chauta akuonjezereni masiku, akuchizeni bondo lija, adzukulu anu adzakusungeni mmene mwasungira ana a eni. Ine ndilibe chokubwezerani.

Lachisanu masana ana adzawerenga nkhani zawo kusukulu, makolo nonse bwerani, mipando ndi yochepa tengani zitenje zoyala. Mtsikana uja wati adzawerenga yekha yake, ndamufunsa kawiri ngati adzathe, wati adzatha. Kabuku koyamba kutuluka m'makina ndakaika padera mu envulopu. Loweruka ndikubwera nako kwanu achikulire, ndi paketi ya shuga, ndipo musadzayerekeze kukana.