Lachitatu: majini a kachilombo, majini athu

M'mawa wonse ndinali mu labotale ndi timapepala ta magazi ouma. Ntchito yake ndi yobwerezabwereza: kudula kadontho, kutulutsamo DNA ya kachilombo ka malungo, kuiika m'makina a PCR ochulukitsa DNA, kenako kudikira. Tikufufuza jini, kutanthauza kachigawo ka DNA, yotchedwa kelch13. Jiniyi ikasintha, kachilombo kamachedwa kufa munthu akamwa mankhwala okhala ndi artemisinin, ngati LA. Vutoli linayamba kuoneka kumadzulo kwa Cambodia cha m'ma 2008, jini yake inadziwika mu 2014, ndipo mu 2020 kusintha kotereku kunalengezedwa ku Rwanda, kenako ku Uganda. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti kusintha kwa ku Rwandako kunabadwira komweko. Sikunachite kubwera kuchokera ku Asia.

Masana mkulu wathu pa ntchito anandipeza ndili khuma, n'kundikumbutsa za kolorokwini. Dziko la Malawi linali loyamba mu Africa kusiya mankhwalawa mu 1993 n'kuyamba Fansidar. Ku Blantyre, tizilombo tokhala ndi jini ya pfcrt yosinthika, imene imatichititsa kusamva kolorokwini, tinatsika kuchoka pa 85 peresenti mu 1992 kufika pa 13 peresenti mu 2000. "Kusamva mankhwala kumakalemera kachilomboko," anatero. "Mankhwala akachoka, tinzake tomva mankhwala timakapitirira." Ndinapepukidwa pang'ono, ngakhale artemisinin sitingangomusiya chifukwa wolowa m'malo mwake sanakonzeke.

Madzulo kunali maphunziro okhudza lupus, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake: khungu, molumikizana mafupa, impso. Ndinalowa ndikuganiza kuti sizikundikhudza, koma malungo anatulukiranso. Pali jini ya FCGR2B imene imaletsa chitetezo kuti chisapyole malire. Mwa anthu ena jiniyi ndi yofooka, makamaka a ku Africa ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Kafukufuku wa ana a ku Kenya anasonyeza kuti amene anatengera jini yofookayi kwa makolo onse awiri sadwala malungo aakulu kawirikawiri, koma kufooka komweko kumawonjezera chiopsezo cha lupus. Ku chilumba cha Sardinia, kumene malungo anavuta zaka mazanamazana, anapeza zofananako pa jini ya TNFSF13B. Chimene chinapulumutsa makolo ali ana chikudwalitsa zidzukulu, ndipo ambiri mwa odwala lupus ndi amayi.

Chinanso, hydroxychloroquine, m'bale wake wa kolorokwini uja, ndiye mankhwala amene odwala lupus ambiri amamwa tsiku ndi tsiku.

Usiku uno maganizo anga ali pa zizindikiro za lupus. Lupus imatha kuyamba ndi kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi kufooka, ndendende malungo. Mayi wotere akayezedwa osapezeka ndi kachilombo ka malungo, koma akubwerabwerabe kuchipatala, ndikanakonda wina aziyang'ana khungu lake ndi kumuyeza mkodzo impso zisanawonongeke.