Loweruka la kalabu ya atsikana ku Thyolo

Ndafika pakhomo mdima utagwa kale, nsapato zili matope okhaokha. Lero linali tsiku la kalabu ya makompyuta ya atsikana pa sekondale ina yoyendera m'boma la Thyolo, komwe ndimapita Loweruka ntchito ikandilola. Chiperoni chinayamba usiku, ndiye ku Limbe minibasi zinali zodzaza anthu a majuzi awiriawiri, mawindo onse otseka. Ndinatsika titapitirira Bvumbwe n'kukwera njinga yamoto, chikwama cha malaputopu atatu ndachifungatira m'kati mwa jekete. Ndi akale, otsala ku ofesi kwathu, koma mabatire ake akadali ndi moyo, ndipo lero atipulumutsa ndi amenewo.

Sukuluyi ili nacho chipinda cha makompyuta, cha zitsulo m'mawindo ndi loko wamkulu pachitseko. Makiyi amasunga ndi aphunzitsi ena amene lero anali kumaliro, ndipo ngakhale akanakhalapo, magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Za maliro sindingadandaule. Chimandiwawa ndi chimene ndinaona tsiku lina chipindacho chili chotsekula, a Fomu 4 akukonzekera Computer Studies ya MSCE. Kompyuta iliyonse inazunguliridwa ndi kagulu ka ana. Wogwira mausi mnyamata, wa pakiyibodi mnyamata, mtsikana ali kumbuyo ndi kope, akulemba mwaukhondo zimene anzakewo akuchita. Palibe anamuletsa. Anangochedwa kufika pampando, ndipo kwathu kuno mwana wamkazi sitimulera kuti azilimbirana mpando ndi mnyamata. Teremu ikatha, mnyamata uja amati kompyuta amaidziwa, mtsikana amati n'zovuta, pomwe sanaikhudze n'komwe.

N'chifukwa chake kalabuyi ndi ya atsikana okhaokha, ndipo lamulo lake ndi limodzi: ine sindigwira mausi, aphunzitsi sagwira mausi. Anyamata anabwera kudzasuzumira pawindo monga mwa masiku onse. Wina anati, "Madamu, nanga ife tinalakwa chiyani?" Sanalakwe kanthu, ndipo ndinamuuza choncho. Ndinamupempha kuti chipinda chija chikatsekulidwa sabata yamawa, iye aime kumbuyo ndi kope, mtsikana akhale pampando, kenako adzandiuze mmene wamvera. Anaseka, koma pawindopo sanachoke.

Tinayamba opanda makina. Mtsikana wina wamtali wa Fomu 2 anakhala loboti, anzake amulamule mpaka akatenge choko patebulo. Loboti amadziwa kuyenda, kuima, kutembenuka, kutambasula dzanja ndi kugwira, basi. "Pita ukatenge choko!" Iye njoo, maso patsogolo, osasuntha. "Yenda!" Anayenda, kupitirira tebulo, mpaka mphumi pakhoma, poti palibe anamuuza kuti aime. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Atabwereza anayamba kuwerenga masitepe ndi kukangana kuti "kumanja" ndi kumanja kwa ndani, kwa loboti kapena kwa wolamula. Mkangano umenewo ndi umene ndimaufuna. Kompyuta imachita zimene waiuza, osati zimene ukuganiza kuti waiuza, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imene ndimalandirira malipiro ndi kusaka pamene malangizo apotoka.

Kenako ndinafunsa amene anatumidwapo kwa ejenti kukatapa ndalama. Manja onse m'mwamba. Tinajambula pa bolodi zimene zimachitika munthu akadina *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba: ukasankha nambala iyi ikutengera uku, ukasankha inayo uko, PIN ikalakwika ikubweza, ndalama zikachepa ikukana. Mivi yonse anajambula okha. Wina amene amathandiza amayi ake kugulitsa mandasi anafunsa kuti nanga netiweki itaduka ndalama zitachoka kwa wotumiza koma zisanafike kwa wolandira, zingatani? Ndinamuyankha kuti olemba mapulogalamu oterewa amawamanga mwakuti zonse ziwiri zichitike, kuchotsa ndi kuika, apo ayi pasachitike chilichonse, ndipo kuti ine ndinakumana ndi funso limenelo ndili kale ku yunivesite.

Cha m'ma 10 koloko tinayatsa malaputopu. Timagwiritsa ntchito Scratch, pulogalamu yaulere yomwe inatuluka ku MIT ku America mu 2007. Ubwino wake, ukaiika pa kompyuta safunanso intaneti, ndipo mwana salemba mawu ambiri, amangolumikiza timabokosi ta malangizo kuti kamphaka ka pa sikirini kayende. Sikweya sinavute: bwereza kanayi, yenda masitepe 100, khota madigiri 90. Magulu onse anajambula.

Ndiye ndinati, tsopano thirayango ya mbali zofanana. Onse pamodzi: "Sikisite!" Amakumbukira za m'kalasi kuti kona iliyonse ya thirayango yotere ndi madigiri 60, ndipo si bodza. Anaika 60, kubwereza katatu, kudina. Kamphaka kanajambula chinthu chotseguka, mbali zitatu zosakumana. Anadinanso mwina makina ndi amene aphonya. Chimodzimodzi. Aphunzitsi a masamu, mayi amene amakhala nafe Loweruka lililonse popanda kulandira kalikonse, anatsegula pakamwa, ine n'kuwatsina pamkono. Kunadutsa mphindi zingapo za phokoso. Kenako kamtsikana kena kamene sindinakamvepo mawu chiyambire kanadzuka, n'kuyamba kuyenda pansi pomwepo, kukhota, kuyenda, kukhota. Kanaima n'kunena chapansipansi kuti mphakayo wathera atayang'ana kumbuyo, pomwe kuti atseke chithunzi ayenera kuthera atayang'ana komwe anayambira, ndiye kuti azungulire 360 yonse. Kugawa patatu, 120. Anzake sanamukhulupirire mpaka anataipa yekha ndi chala chimodzi. Thirayango inatseka. Pasanathe nthawi gulu lina linapeza kuti 60 uja amapereka chithunzi cha mbali zisanu ndi imodzi, ndipo lina linayesa kubwereza ka 360, kukhota digiri imodzi imodzi, n'kutuluka chozungulira. Kufuula kwake, mlonda anabwera kudzaona.

Aphunzitsi aja anandinong'oneza kuti mwanayu masamu amapeza ochepa, ndipo anawauza kale kuti akafika Fomu 3 Fizikisi sadzatenga.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri amaganiza kuti atsikana amataika pa chipata cha yunivesite. Ayi, amataika polowa Fomu 3, tsiku losankha maphunziro, ali ndi zaka 15 kapena 16, pomwe mnzawo wawauza kuti Fizikisi imaononga mapointi. Pa nkhomaliro (mbatata yophika ndi tiyi, amayi a mother group ndiwo anakonza) ndinatenga choko n'kuwalongosolera. Magiredi a MSCE amayambira pa 1 mpaka 9, mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo kuti uganiziridwe ku yunivesite za boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Koma mapointi okongola paokha sakulowetsa paliponse. Maphunziro a kompyuta amafuna masamu abwino, ndipo a uinjiniya amafunanso Fizikisi. Ukhoza kukhala ndi mapointi oti mudzi wonse uvine, bungwe la NCHE posankha olowa ku yunivesite n'kupeza kuti phunziro lofunikalo ulibe. Ambiri amazimva izi zotsatira zitatuluka kale. Ndinawauzanso kuti Computer Studies si chiphaso chokhacho, woiphonya chifukwa sukulu yake ilibe makompyuta asataye mtima, bola masamu asawasiye.

Mayi wina wachikulire wa mother group anali atakhala pakhomo, akumvetsera zonse. Anati, "Madamu, tikhululukireni ife osaphunzira. Namwino timamudziwa, mphunzitsi timamudziwa. Nanga wa kompyutayu akamaliza amagwira chiyani? Kutaipa makalata?" Anafunsira makolo onse. Kholo limagulitsa mbuzi chifukwa cha ntchito imene likuiona ndi maso, ndipo mwana wanzeru wa kumudzi akamati unamwino, sikuti ndi kuchepa kwa maloto, ndi yunifolomu yokhayo imene anaionapo itavalidwa ndi mkazi wolandira malipiro.

Ndinawafunsa ngati anapitako kuchipatala chachikulu n'kuona kalaliki akudina pa sikirini ndi chala, makina n'kutulutsa kapepala komata pa buku la kuchipatala. Anavomera. Ndinati zimenezo zinayambira ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi a Baobab Health, ndipo Amalawi ambiri alembapo mapulogalamu ake. Namwino akafuna kudziwa mankhwala amene wodwala analandira mwezi watha, amadalira ntchito ya munthu woteroyo. Ndinatchulanso madironi, omwe anayamba kuyesedwa ku Kasungu mu 2017, ndi sukulu yake, African Drone and Data Academy, imene inatsekulidwa ku Lilongwe mu 2020. Za madironi sizinawakhudze kwenikweni. Za buku la kuchipatala anagwedeza mutu, n'kufunsa za fizi. Ndinawauza za ngongole ya boma ya ophunzira a ku yunivesite, ndi kuti si onse opempha amene amaipeza, chifukwa kuwanamiza mayi ngati amenewa ndi kudzitsekera khomo.

Mayina a akazi otchuka ndimatchula, koma mosamala. Ada Lovelace ndi zolemba zake za 1843 zokhudza makina owerengera, Margaret Hamilton amene anatsogolera gulu lolemba mapulogalamu a Apollo 11, ulendo wopita kumwezi wa mu 1969: atsikana amamvetsera mwaulemu ngati nthano. Maso amayera ndikanena za Rachel Sibande, amene anayambitsa mHub, malo othandiza achinyamata pa luso la makompyuta, ku Lilongwe mu 2013, chifukwa dzinalo ndi lakwathu. Amayera kwambiri ndikanena kuti MUST, yunivesite ya sayansi ndi luso imene inalandira ophunzira oyamba mu 2014, ili pa Ndata m'boma lawo lomweli. Ndinafunsa amene analowako. Palibe. Ena amangoona nyumba zake ali m'galimoto.

Nkhani ya foni inabwera yokha. Ndinawauza kuti aziyeserera kunyumba, wina n'kuseka. Foni ya intaneti panyumba ndi ya bambo kapena ya achimwene, ndipo mtsikana akapezeka nayo yake, funso loyamba limakhala lakuti wakugulira ndani. Mnyamata safunsidwa zimenezo. Amasewera nayo, kuiononga, kuikonza, ndipo m'kusewerako ndi mmene amaphunzirira. Mantha a makolo sindiwapeputsa, abambo onyengerera ana ndi mayunitsi alipo, tonse tikuwadziwa. Tinakambirana za kusunga PIN, za kusatumiza zithunzi kwa munthu aliyense ngakhale alumbire bwanji, ndi kuti kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Koma kumulanda mtsikana foni kuti umuteteze kumamusiya wosadziwa kudziteteza tsiku limene adzaigwire. Mmodzi wa iwo, amene anabwerera kusukulu atabereka (ndondomeko yolola zimenezi ilipo kuyambira 1993, ngakhale pakamwa pa anthu sipanasinthe kwambiri), ananena zinthu pa nkhaniyi zimene sindizilemba pano. Anzake anakhala chete kumumvera kuposa mmene amandimverera ine. Anatsanzika msanga kukayamwitsa.

Batire yomaliza inatha cha m'ma 2 koloko. Tikulongedza, aphunzitsi a masamu anandikumbutsa za Girls in ICT Day, tsiku lolimbikitsa atsikana pa za makompyuta, limene bungwe la ITU la United Nations linakhazikitsa ndipo limachitika Lachinayi lachinayi la April kuyambira 2011. Anati atsikana ochepa amatengedwa kupita m'tauni, amabwerako ndi matisheti ndi nkhani za chakudya cha kuhotela, Lolemba zonse zili monga kale. Kenako anandiyang'ana n'kuti, "Nanunso Madamu musakwiye, mlendo ndi mame." Sindinakwiye. Tsikulo lili ndi ntchito yake, ndipo inenso ndili ndi yanga, koma amene adzakhale m'kalasi tsiku losankha maphunziro a Fomu 3 ndi iwowo. Ndawasiyira laputopu imodzi ndi chaja, asunge kunyumba kwawo komwe kuli sola.

Tisananyamuke tinadzera kwa ahedi. Pempho linali lakuti makiyi ena a chipinda chija akhale ndi aphunzitsi a masamu, ndipo Lachitatu masana likhale la atsikana. Ahedi sanakane, koma anati makompyutawo analembedwa m'dzina lawo, imodzi ikaonongeka adzayankha ndi iwo. Tinagwirizana kuti pakhale kope lolembamo olowa ndi otuluka. Za nthawi ndiye tinalimbana. Ine ndimafuna maola awiri, amayi a mother group anati ola limodzi, kuyambira 2 koloko, chifukwa ena amayenda mtunda wautali ndipo kunyumba madzi ndi nkhuni zikuwadikira. Apambana ndi amayiwo.

Lolemba ndikalankhule ndi abwana za laputopu ina imene yangokhala m'kabati, ndilembenso kalata ku MUST yopempha kuti atsikanawa akaone malabu teremu isanathe. Vuto likhala galimoto. Aphunzitsi a masamu akuti ali ndi mlamu wawo wa minibasi amene angatichotsereko mtengo tikagula tokha mafuta.