Kadontho kofiira ka mu sikopu: ndinkakamva molakwika

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti sikopu, galasi lolozera lomwe amamangirira pa mfuti, yokhala ndi nyali mkati imathandiza mlenje kuona nyama mumdima, ngati kuti ukangopotokola kabatani kaja tchire lonse liyera. Mwezi uno ndakhala ndikuphunzira za magalasi a mfuti zosakira, ndipo maganizo amenewa ndi omwe anayamba kugwa. Nyaliyo imangowalitsa timizere topingasa ta mkati, tomwe amati reticle, kapena kadontho ka pakati pake. Nyama ikakhala mumthunzi, imakhala mumthunzi momwemo.

Chinanditsegula maso ndi masamu osavuta. Kuwala kumatuluka mu sikopu ngati kabwalo kakang'ono, ndipo kukula kwa kabwaloko umakupeza pogawa kukula kwa galasi lakutsogolo ndi mphamvu yokuzira. Sikopu ya 8x56, yomwe imakuza ka 8 ndipo galasi lake lakutsogolo ndi la mamilimita 56, imapereka mamilimita 7, omwenso ndi malire omwe mwana wa diso la wachinyamata amatsegukira mumdima. N'chifukwa chake alenje a ku Germany ndi Austria, omwe amadikirira nguluwe kukuwala mwezi, anaikonda kuyambira kale. Ya 3-9x40, yokuza kuyambira ka 3 mpaka ka 9 ndi galasi la mamilimita 40, ukaiika pa 9 umatsala ndi mamilimita 4 ndi pang'ono. Batire silisintha kalikonse pamenepa.

Ndiye nyaliyo ndi yachiyani? Yankho ndinalipeza madzulo ena. Wotiphunzitsa anaika sikopu pa thumba la mchenga, yosamangirira pa mfuti, n'kupachika chiguduli chakuda pansi pa mitengo, pamtunda wa mapazi ngati 80. Dzuwa litangolowa zonse zinkaoneka bwino. Patapita mphindi makumi awiri, chiguduli chija ndinkachionabe, koma timizere takuda tija tinamira m'kati mwake. Ndikasuntha n'kulozetsa kumwamba tinkaoneka, ndikabwerera pa chiguduli n'kuzimiriranso. Nditayatsa nyaliyo pa nambala yoyamba, yotsikitsitsa, kadontho kofiira kofooka kanakhala pakati penipeni, ndipo ndinadziwa pomwe chipolopolo chikanagwera. Ntchito yake ndi imeneyo basi: pali kanthawi kochepa, m'chisisira ndi mbandakucha, pomwe nyama ikuoneka koma timizere tasowa.

Kenako ndinachita zachibwana. Ndinapotokola mpaka nambala yomaliza, poganiza kuti kuwala kochuluka ndiye kwabwino. M'galasi monse munadzaza nkhungu yofiira, chiguduli chinasoweratu, ndipo nditachotsa diso ndinakhala kanthawi ndikungoona mdima. Diso limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere bwino mdima, koma kuwala kwamphamvu kumabweza ntchitoyo m'mbuyo m'kuphethira kumodzi. Kuwala kofiira amakukonda chifukwa mbali ya diso yomwe imaona usiku sikumva kwambiri mtundu umenewu, komabe nakonso kukapyola muyeso kumachititsa khungu kwakanthawi. Kuchokera tsiku limenelo, ndikagwira sikopu yotere ndimayamba ndaona kuti imatsika kufika pati, osati kuti imawala kufika pati. Zotchipa zambiri zimagwera apa: nambala yake yotsikitsitsa imakhala yowala kale mopyola.

Mnzanga wina wa m'kalasi, yemwe ali ndi vuto la maso la astigmatism, anati iye sankaona kadontho koma kanyenyezi kophwanyika. Ndi bwino kusuzumiramo wekha usanakhulupirire zolemba pa katoni.

Ndisaiwale kuti vuto la kusowa kwa timizere mumdima akale analithana nalo popanda batire. Reticle ya German No. 4 ili ndi mizati itatu yonenepa yomwe imalondolera diso pakati ngakhale kuli mdima, ndipo Duplex, yomwe kampani ya Leupold inatulutsa mu 1962, ndi yonenepa m'mbali n'kuwonda pakati. Pa nyama yaikulu yomwe ili pafupi, izi zimakwanira. Za batire sizinandidetse nkhawa kwenikweni. Masikopu ambiri amagwiritsa kabatire ka CR2032, ndipo kakatha timizere timatsala takuda ngati sikopu wamba. A kampani ya Trijicon amagwiritsa tritium, mpweya womwe umawalitsa kadontho pawokha, ndi ulusi wokoka kuwala, osafuna batire, ngakhale tritium amafooka ndi theka pa zaka 12 zilizonse.

Pomwe ndaima pano ndi apa. Kwa wosaka nyama zakuda bii ngati nguluwe, m'nkhalango yowirira, m'mawa kwambiri kapena dzuwa litalowa, nyaliyo ndi yoyenera ndalama zake. Kwa wosaka masana poyera, ndi kulemera chabe ndi kabatani kena koiwala kuzimitsa. Ndipo ndalama zikakhala zochepa, ine ndingasankhe galasi labwino lopanda nyali kusiyana ndi galasi lachimbuuzi lokhala ndi kadontho kokongola.

Chomwe chikundivutabe mumtima ndi china. Kadontho kaja kamapatsa munthu chidaliro. Madzulo aja tinapitiriza kusuzumira mpaka chiguduli chinangokhala chinthu chakuda chosadziwika mutu ndi mchira, koma kadontho kanali kakuwalabe bwinobwino pakati pake, ngati kakuti omba. M'zigawo zambiri za ku United States lamulo limaletsa kusaka nyama zikuluzikulu pakatha theka la ola dzuwa litalowa, ndipo usiku umenewo ndinamvetsa chifukwa chake. Wotiphunzitsa anatifunsa aliyense kuti tinene mbali yomwe chiguduli chinang'ambika. Palibe anayankha, ndipo anazimitsa sikopuyo n'kuibweza m'chikwama.