Buku landipitiriza siteji

Lero m'mawa ndimayenera kutsikira pa Chichiri, koma podzutsa mutu ndapeza minibasi ili kale pa Ginnery Corner. Maso anali pa buku lija ndinagula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'tauni, la amayi awiri amene akuthawa m'nkhalango, wofuna kuwapha ali pambuyo pawo. Ndinali pa tsamba limene mmodzi wabinya phazi, dzuwa likulowa, madzi m'botolo angotsala pansi penipeni. Ngakhale kondakitala sindinamumve.

Chandigwira mtima si magazi kapena mpeni ayi. Wowathamangitsayo wolemba samuonetsa n'komwe. Umangomva galu akuuwa chapatali, kamtengo kathyoka, kenako zii. Mantha ake ndi omwe aja timakhala nawo azimayi tikatsika minibasi usiku magetsi atazima, kumbuyo kukumveka mapazi, iwe osacheuka, kungowonjezera liwiro uku mtima uli thithithi. Ndipo awiriwa poyamba sankagwirizana, ankangokangana za njira yoti adzere. Koma wamphamvuyo atapeza mpata woti athawe yekha, anayenda pang'ono, n'kuima, n'kubwerera kukamubereka mnzakeyo kumsana ngati mwana. Abale, misozi inalengeza m'maso pakati pa anthu, ndipo ndakhala ndikuganizira za iwowa tsiku lonse ku ntchito.

Atsala masamba 40 okha. Madzulo ano nsima ndiphika msanga, ana agone, ndimalize ngakhale ndi tochi ya foni. Amene munaliwerenga kale, chonde musandiuze ngati apulumuke onse awiri.